Loya akati "mudzandilipira tikawina": zoyenera kuchita musanavomere

Mlungu sutha ndisanamve funso ili. Wina amandiimitsa pakhomo la tchalitchi ku Matero, wina amatumiza mawu pa WhatsApp usiku, wina amadikira mwambo wa maliro uthe n'kundikokera pambali: "Amalume, kulibe loya amene angatenge mlandu wanga popanda ndalama, adzadule zake tikawina?" Ofunsawo si anthu okonda zaulere. Ndi mayi amene amuna awo anagundidwa ndi minibasi pa Lumumba Road, mlonda amene anamuchotsa ntchito atalondera geti limodzi zaka 11, kalipentala wa ku Kalingalinga amene anakhoma denga la nyumba yonse koma mpaka lero akungouzidwa kuti abwere mawa. Mlandu ali nawo, ya loya alibe.

Ine sindine loya. Ndine paralegal, ndipo ntchito yanga ndi kumvetsera, kulongosola lamulo m'chinenero chathu, kuthandiza kulemba makalata ndi kulozera munthu khomo loyenera. Ndalemba izi kuti wofunsa aziwerenga modekha ali kunyumba, asanakakhale pampando wa mu ofesi ya loya pomwe manyazi amatseka pakamwa.

Yankho lalifupi ndi ili: kuno ku Zambia lamulo la maloya limaletsa pangano loti loya alipidwe pokhapokha mlandu wa kukhoti ukapambana. Chimene mungakambirane ndi nthawi yolipira ndi kagawidwe ka malipirowo, ndipo zonse zikhale papepala.

1. Dziwani dzina la chimene mukupempha

Mawu oti "no win, no fee" timawamva pa TV ndi kwa abale amene ali ku London kapena ku Johannesburg. M'kati mwake muli zinthu zosiyana zimene anthu amaziphatikiza.

Contingency fee ndi pamene loya amatenga gawo la ndalama zimene mwapambana, mwachitsanzo 30 peresenti, ndipo mukaluza salandira kanthu. Conditional fee ndi pamene loya amawerengera ntchito yake monga mwa nthawi zonse, koma mumamulipira mukawina basi. Success fee ndi ndalama yapamwamba imene amawonjezera pa mtengo wa nthawi zonsewo, ngati mphotho yoti anaika ntchito yake pachiswe. Zitatu zonsezi zili ndi muzu umodzi: malipiro a loya amadalira mmene mlandu wathera.

Muzu umenewo ndi umene lamulo lathu limakana. Rule 8 ya Legal Practitioners' Practice Rules ya 2002 imaletsa loya amene walembedwa kuti asume kapena ateteze mlandu kukhoti kupangana zolandira ndalama pokhapokha akapambana. Legal Practitioners Act, imene ndi Chapter 30 ya malamulo a Zambia, imalola loya ndi kasitomala wake kulemberana mgwirizano wa malipiro, koma silimbitsa pangano la "ndilipireni tikawina". Supreme Court yathu inatsimikizanso zimenezi mu 2015. Chifukwa chake n'chakale, chinabwera ndi malamulo a ku England: loya amatumikiranso khoti, ndipo akakhala ndi gawo lake m'ndalama za mlandu angayesedwe kukuza nkhani, kuphunzitsa mboni, kapena kusonkhezera milandu yosafunika.

Tsono mvetsani bwino zotsatira zake, chifukwa apa ndi pamene anthu amapwetekera. Loya woongoka akakukanirani, sikuti ndi wonyada kapena wakuonani osauka. Akuteteza chiphaso chake cha ntchito. Amene wavomera amadziwa kuti n'zoletsedwa, choncho salemba. Amangoti "tidzaonana zikatuluka, musadandaule amayi". Inu mumatuluka mu ofesimo mwasangalala, koma mulibe pepala lonena kuti adzatenga zingati, adzazichotsa pa ndalama ziti, ndiponso ndani adzalipire zolipira za kukhoti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zosaletsedwa zilipo: loya angakugwirireni ntchito kwaulere, zimene amazitcha pro bono, angakuloleni kulipira pang'onopang'ono, angavomere kudikira mpaka mlandu utatha, bola ngongoleyo ikhalepo kaya mwawina kaya mwaluza. Ntchito zosapita kukhoti, monga kusintha umwini wa nyumba, zili ndi mitengo yake imene imatsata mtengo wa nyumbayo, ndipo si nkhani yathu lero. Malamulo amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho loya akakuuzani kuti tsopano n'zololedwa, mupempheni akuonetseni Statutory Instrument yake, chikalata cha Boma chosintha lamulolo, nambala ndi chaka, kenako mukafunse ku Law Association of Zambia, imene tonse timangoti LAZ.

2. Werengani masiku lero lomwe

Akuluakulu anati mlandu suwola. Pabwalo la amfumu n'zoona, koma kukhoti umawola. Mlandu wa kuvulala chifukwa cha kusasamala kwa wina, monga ngozi ya pamsewu, uli ndi zaka 3 zoti musume. Ngongole ndi kuphwanya mgwirizano zili ndi zaka 6. Dandaulo la kuntchito lopita ku Industrial Relations Division ya High Court lili ndi masiku 90 okha kuchokera pamene nkhaniyo inachitika kapena pamene njira za pantchitopo zinatha, ndipo mukachedwa mufunika kupempha khoti likuloleni, zimene silikakamizidwa kuchita. Ndaona anthu akutha chaka akuyendayenda kufuna loya wa "tidzagawana", masikuwo n'kuwadutsa. Lembani tsiku limene nkhani inachitika pachikuto cha envulopu yanu ya mapepala, pansi pake tsiku lomaliza kusuma.

3. Onani ngati mlanduwu ukufunadi loya wolipidwa

Ambiri mwa amene amandifunsa safunika loya wa pa Cairo Road ayi. Ngongole yaing'ono imapita ku Small Claims Court, kumene maloya saimira munthu. Mumadziyankhulira nokha ndi malisiti anu ndi mauthenga a pafoni. Funsani kwa kalaliki wa khotilo malire a ndalama amene alipo panopa. Malipiro osaperekedwa, masiku a tchuthi ndi zina za mu Employment Code Act ya 2019 muyambe nazo ku ofesi ya Labour. Wovulala pantchito ayambe ndi Workers' Compensation Fund Control Board, kumene abwana ake amayenera kuti anali kusonkha. Pa ngozi ya galimoto, lamulo limafuna galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena ovulazidwa. Tengani lipoti la apolisi ndi la dokotala, kaya ku chipatala cha UTH kaya cha Levy Mwanawasa, mudziwe kampani ya inshuwalansiyo, muilembere. Ikakuzungulitsani, kuli Pensions and Insurance Authority, bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi.

Ngati nkhaniyo ikufunadi woimira, Legal Aid Board ilipo chifukwa cha anthu opanda ndalama, pansi pa Legal Aid Act ya 2021. Adzakufunsani za mapezedwe anu ndipo angapemphe kangachepe. Amayi ndi ana alinso ndi National Legal Aid Clinic for Women, imene inayambitsidwa ndi LAZ mu 1990. Mizere kumeneko ndi yaitali ndipo maloya ndi ochepa, sindikubisani. Koma kudikira pabenchi m'mawa umodzi n'kotchipa kusiyana ndi kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a chipukuta misozi cha ana amasiye.

4. Tsimikizani kuti mukuyankhula ndi loya weniweni

Loya amakhala ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka chimenecho, ndipo LAZ ingakuuzeni ngati dzina lake lilipo. Samalani ndi anthu a jekete amene amakupezani kuchipatala, kupolisi kapena pakhonde la khoti, n'kumati "ndine ejenti wa maloya, tidzatenga 40 peresenti basi". Munthu wotere sayang'aniridwa ndi LAZ, ndipo akathawa ndi ndalama mudzatsala ndi nambala ya foni yosapezeka. Musamupatse NRC yanu yeniyeni kapena mapepala enieni a kuchipatala. Ngakhale kwa loya weniweni, siyani mafotokope. Enieniwo akawafuna, akulembereni kuti walandira.

5. Kukambirana za ndalama

Ili ndilo gawo lovuta, ndipo ambiri amalilumpha chifukwa cha ulemu. Tinaleredwa kuti munthu wophunzira sumufunsa kawiri, ndipo wokuthandiza sumuwerengera. Koma mu ofesi ya loya inu ndinu wolemba ntchito, ndipo loya wabwino amakondwa ndi kasitomala wofunsa, chifukwa amadziwa kuti sadzakangana naye kumapeto. Pitani ndi munthu wina wodziwa kuwerenga bwino, akhale ndi kope ndi cholembera.

Choyamba gawani ndalama za mlandu m'miphika itatu, chifukwa pangano la pakamwa limaziika mumphika umodzi.

Mphika woyamba ndi malipiro a loya mwiniyo. Angawerengere pa ola kapena kutchula mtengo umodzi wa ntchito yonse. Mitengo ya pa ola ya milandu ya ku High Court ili ndi malire ake mu Costs Order ya 2017, ndipo imakwera malinga ndi zaka zimene loya wagwira ntchito, kufikira maloya akuluakulu otchedwa State Counsel. Choncho funsani: ndani kwenikweni adzagwira fayilo yanga, ndipo ola lake ndi zingati? Mwina mwayankhula ndi mwini ofesi koma ntchito idzagwiridwa ndi wachinyamata amene wangotuluka ku ZIALE, sukulu imene maloya amamalizirako maphunziro. Palibe cholakwika, bola mtengo ukhale wa wachinyamatayo. Funsaninso ngati VAT ya 16 peresenti ili kale m'kati mwa mtengo umene watchula.

Mphika wachiwiri ndi zimene maloya amazitcha disbursements, kutanthauza ndalama zimene ofesi imatulutsa m'malo mwanu: zolipira kukhoti posuma, zoperekera masamani, lipoti la dokotala, mayendedwe ngati mboni ili ku Petauke, mafotokope. Izi zimafunika mlandu ukuyenda, sizidikira chigamulo. Milandu yambiri ya "tidzagawana" imafera pamenepa: loya safuna kutulutsa zam'thumba mwake, inu mukuganiza kuti zonse ndi zake, fayilo imangogona mu kabati miyezi n'kumapita.

Mphika wachitatu ndi umene palibe amene amafuna kuutchula. Kukhoti, kawirikawiri woluza amalipira ndalama zimene wopambana wawononga pa mlandu, amangoti costs. Jaji ali ndi mphamvu yogamula mwina, koma chizolowezi ndi chimenecho. Ndiye ngakhale loya wanu atanena kuti mukaluza simudzamulipira kanthu, loya wa mbali inayo sanalonjeze zimenezo. Bilu yake ingabwere kwa inu, ndipo mukalephera mabelifu angafike pakhomo. Mufunseni loya wanu maso ndi maso: "Tikaluza, ndidzakhala ndi ngongole ya zingati kwa inu, ndipo ya zingati kwa enawo?" Akayankha kuti "sitingaluze", funsaninso. Akabwereza yankho lomwelo, nyamukani. Palibe loya woona mtima amene amalonjeza chigamulo.

Mukamvetsa miphika itatuyi, nenani zoona za thumba lanu. Mawu ake angakhale otere: "A loya, ndalama yonse lero ndilibe. Ndili ndi K2,000, ndipo ndingakwanitse K500 mwezi uliwonse. Mungandigawire ntchitoyi m'zigawo, chilichonse ndi mtengo wake?" Zigawo zake zimadziwika: kalata yoitanitsa ndalama, kulemba ndi kupereka masamani, kukambirana pamaso pa mkhalapakati, kumene High Court imatumizako milandu yambiri, kuzenga mlandu pamaso pa jaji, ndi kutolera ndalama chigamulo chitaperekedwa. Kuyambira mu 2020 malamulo a High Court amafuna kuti kalata yoitanitsayo iperekedwe pamodzi ndi masamani, choncho ndalama imene mwalipira pa kalatayo sinatayike ngakhale winayo atakana. Ndipo kalata ya loya payokha imatsegula zitseko zambiri. Kulipira chigawo chimodzi chimodzi kumakupatsani mpata woima n'kuganiza musanalowe m'madzi akuya.

Ngati loya wavomera kudikira mpaka kumapeto, thokozani, koma dziwani chimene mwavomera: imeneyo ndi ngongole. Kusiyana kwake ndi pangano loletsedwa lija n'kwakuti ndalamayo idzafunika ngakhale mutaluza. Choncho papepala palembedwe malire, kuti bilu sidzapitirira ndalama yakuti popanda inu kuvomera, ndiponso mmene mudzalipirire mukaluza. Musasiye pepala la nyumba ngati chikole, ndipo musatenge kaloba kuti mulipire loya. Chiwongoladzanja chake chimathamanga kuposa khoti lililonse. Chilimba kapena kusonkherana pabanja n'kwabwino, bola osonkhawo adziwe kuti ndalamayo ingathe osabwerera.

Pali mfundo zina zitatu zoti zilowe m'kalata ya mgwirizano, ndipo yoyamba ndimaiumirira kwambiri: loya asavomere ndalama iliyonse yothetsera mlandu popanda chilolezo chanu cholembedwa. Ganizirani loya amene akudikira 30 peresenti. Kampani ikapereka K90,000 lero, iye atenga K27,000 atalemba makalata awiri. Kuti afike pa K200,000 afunika zaka ziwiri za kukhoti. Chimene chili chabwino kwa iye ndi chimene chili chabwino kwa inu zasiyana pamenepo, ndipo inu simudzadziwa ngati malangizo oti "landirani, amayi" achokera mumtima kapena m'thumba. Nthawi zina kulandira zochepa msanga n'kwanzeru ndithu, fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma wosankha mukhale inu mutamva mbali zonse. Yachiwiri: chidzachitike n'chiyani mukafuna kusintha loya, popeza loya angagwire fayilo mpaka mutamulipira ntchito imene wagwira kale. Yachitatu: kutolera ndalama kuli m'kati mwa mtengo kapena ayi. Kuwina n'kwina, kulandira n'kwina. Chigamulo ndi pepala. Woluzayo angachite apilo, angakhale alibe katundu, ndipo ngati ndi Boma mabelifu sangalande katundu wake, mumadikira pamzere wa olipidwa.

Sainani tsamba lililonse, tengani kope yanu tsiku lomwelo, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka, ngakhale ya pafoni, ikhale ndi lisiti la ofesi, osati uthenga wa pa nambala ya kalaliki.

6. Tsiku limene ndalama zatuluka

Ndalama za kasitomala zimalowa mu akaunti yapadera yotchedwa client account, yosiyana ndi ya ofesi. Ndi zanu, loya akungokusungirani. Musanalandire kanthu pemphani zinthu ziwiri: kope ya chigamulo kapena ya pepala la mgwirizano wothetsa mlandu, losonyeza ndalama yonse imene mbali inayo yalipira, ndi sitetimenti yosonyeza chilichonse chimene chachotsedwa. Pepala la inshuwalansi lonena kuti mwalandira ndipo simudzafunanso kanthu musalisaine malo a ndalama ali opanda kanthu.

Funso limene anthu amaiwala ndi lakuti: kodi mbali inayo yalipiranso costs? Ndikupatsani chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Khoti lakupatsani K200,000, ndipo lalamula woluzayo kulipira costs zimene zafika K45,000. Zolipira za kukhoti ndi madokotala zinali K8,000. Pa pangano la pakamwa la 30 peresenti, loya achotsa K60,000, achotsanso K8,000, ndipo K45,000 ija asunga osakuuzani, poti inu simunadziwe n'komwe kuti ilipo. Mwapita kunyumba ndi K132,000, iye watsala ndi K105,000 ya ntchito yake. Tsopano tiyerekeze kuti munalemberana bwino, ndipo bilu ya ntchito yake yafika K55,000. Kuphatikiza K8,000 ija ndi K63,000. Woluzayo walipirako K45,000, inu muwonjezera K18,000 yokha, n'kutsala ndi K182,000. Mlandu ndi womwewo, loya ndi yemweyo, kusiyana K50,000. Costs zimaperekedwa kuti zikupepuzeni inu pa bilu ya loya wanu. Kawirikawiri sizikwanira bilu yonse, koma ziyenera kuchotsedwa pa biluyo.

Ngati ndalamazo ndi za munthu womwalira, wolandira ndi amene ali ndi kalata ya khoti yoyang'anira chuma cha malemu, ndipo iyeyo adzayankha kwa ana ndi kwa mkazi kapena mwamuna wotsala. Sitetimenti ya loya ndi imene idzamutchinjirize pamsonkhano wa banja.

7. Ngati munavomera kale, kapena bilu yakukulirani

Musachite mantha kuti mwina inunso mwalakwira lamulo ndiye mungokhala chete. Malamulo a kagwiridwe ka ntchito amamanga loyayo. Lembani kalata yaulemu, yokhala ndi tsiku, yopempha bilu yofotokoza ntchito iliyonse: tsiku, chimene chinachitika, nthawi imene chinatenga, ndi mtengo. Sungani kope yodindidwa kuti alandira. Musapite ndi mtima woti simulipira kalikonse; pitani ndi pempho loti ntchito imene inagwiridwa iwerengedwe poyera.

Mukaona kuti biluyo ndi yonenepa, pali njira yotchedwa taxation. Dzinali limasokoneza anthu, si msonkho wa ZRA. Ndi pamene mkulu wa ku High Court wotchedwa Taxing Master amadutsa m'bilu mzere ndi mzere, n'kudula zosayenera. Chitani msanga biluyo ikangofika, mwezi usanathe, chifukwa kuchedwa ndi kulipira osatsutsa kumachepetsa mwayi wanu. Ngati nkhani ndi ya khalidwe, monga kukana kukuonetsani ndalama zimene zinalowa, kugwira ndalama zanu, kapena kuthetsa mlandu osakuuzani, dandaulo limapita ku Legal Practitioners Committee ya LAZ, lolembedwa, ndi makope a zonse muli nazo. Ngakhale mauthenga a pa WhatsApp onena za "30 peresenti yanga" ndi umboni, musawafufute.

8. Akabwera maloya akunja

Apa lamulo limasintha, chifukwa malipiro amatsata dziko limene mlandu ukuzengedwa. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anasumira Vedanta Resources ndi Konkola Copper Mines ku London, ponena kuti madzi a m'mitsinje yawo anawonongeka ndi zotuluka mu mgodi wa Nchanga. Anawaimira ndi maloya a Leigh Day. Makampaniwo anati mlanduwo ukazengedwe ku Zambia. Pa 10 April 2019 Supreme Court ya ku United Kingdom inavomera kuti malo ake enieni a mlanduwo akanakhala Zambia, ndipo sinakayikire majaji athu, koma inalola kuti upitirire ku London. Chifukwa chachikulu chinali chakuti anthuwo anali osaukitsitsa, thandizo la Boma la maloya silikanatheka pa mlandu waukulu chotero, ndipo mapangano olipira ukawina ndi oletsedwa kuno. Mlanduwo unatha mwa mgwirizano umene unalengezedwa mu January 2021, makampaniwo osavomera kulakwa. Mlandu wa ana ndi amayi a ku Kabwe pa nkhani ya mtovu wa lead unakasumidwa ku Johannesburg mu 2020, kusumira Anglo American South Africa.

Nkhani ya ku Chingola imandiwawa mpaka lero. Ndimamvetsa chifukwa chimene lamulo lathu linaikidwira, ndipo ndalongosola pamwambapa mmene peresenti ingapotozere malangizo a loya. Koma lamulo limene likuchititsa mlimi wa ku Copperbelt kukafuna chilungamo kutsidya kwa nyanja likufunika kuliyang'ananso. Kuletsa sikunathetse mapanganowa, kwangowalowetsa mumdima momwe wosauka alibe pepala. Maiko amene analola anaika malire, ndipo malirewo ndi amene muyenera kuwadziwa wina akakubweretserani fomu.

Ku South Africa kuli Contingency Fees Act ya 1997. Pangano liyenera kulembedwa. Loya angalandire mpaka kuwirikiza kawiri mtengo wake wa nthawi zonse, koma pa mlandu wa ndalama zisapitirire 25 peresenti ya zimene mwapambana. Chimene chili chochepa pa ziwirizi ndicho malire. Ngati ntchito yake ndi ya R40,000 ndipo mwapambana R200,000, kuwirikiza kukanapereka R80,000, koma malire a 25 peresenti amamuimitsa pa R50,000. Anthu ambiri amaganiza kuti 25 peresenti ndi mtengo wokhazikika. Ayi, ndi denga chabe. Ku England mapangano a conditional fee anayamba kugwira ntchito mu 1995, pansi pa lamulo la 1990. Success fee singapitirire 100 peresenti ya mtengo wa nthawi zonse. Kuyambira mu 2000 woluza ndiye ankailipira, koma kuyambira pa 1 April 2013 pa milandu yambiri imachokera m'ndalama za wopambanayo, ndipo pa milandu ya kuvulala ili ndi denga la 25 peresenti ya chipukuta misozi, osawerengera za kutsogolo monga chisamaliro cha mawa.

Choncho gulu la maloya akunja likafika m'dera lanu kulemba mayina, musasaine chifukwa aneba onse asaina kapena chifukwa atcheyamani a m'dera anena. Funsani khoti la dziko liti, lamulo la dziko liti likulamulira panganolo, ndi peresenti yaikulu imene ingachotsedwe zonse zikaphatikizidwa, chifukwa milandu ikuluikulu yotere nthawi zambiri imakhala ndi kampani ina yoika ndalama imene nayonso imadikira gawo lake. Funsani ngati pali inshuwalansi yokutetezani ku costs za mbali inayo mukaluza, ndi ndani akuilipira. Funsani chimene chidzachitike mukafuna kutuluka pakati panjira, ndi amene akusainira ana. Pemphani kuti akuwerengereni pepalalo m'Chinyanja kapena m'Chibemba, mulitenge kunyumba masiku angapo, mukalionetse ku Legal Aid Board kapena kwa paralegal wa m'dera lanu. Wolemba mayina asakupempheni ndalama ya fomu. Akapempha, lembani dzina lake ndi tsiku, muimbire ofesi ya maloyawo pa nambala imene ili pa kalata yawo yeniyeni.